Tipite Nawo Kuti Ana Amenewa?

Holide yaikulu itangoyamba, achemwali anga anandiimbira foni kuchokera ku Area 25. Moni sanapereke n'komwe. "Iwe, ana awa andithetsa nzeru. Tandiuza, ku Lilongwe kuno munthu ungapite nawo kuti ana kosafuna ndalama?" Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva wamng'ono akulira, wamkulu akukana mlandu.

Ine ndili kuno ku Dedza, nditavala majuzi awiri chifukwa cha chisanu cha mu Julaye, ndinayankha mwachibwana: "Atulutseni panja akasewere."

"Panja pake pati?"

Ndinasowa chonena. Ndimaidziwa nyumba imene amachita lendi. Mabanja anayi mumpanda umodzi, pabwalo pali mpopi, zingwe zoyanikapo zovala ndi ngalande. Kunja kwa geti ndi msewu wafumbi, njinga zamoto za kabaza zili piringupiringu. Kabwalo kamene anyamata ankamenyerapo mpira chaka chapitacho kanagulidwa, pano pali maziko ndi mulu wa njerwa.

Funso la achemwalilo linandikhala pamtima. Matenda a ife amene tinaphunzira mbiri ku koleji ndi akuti ukatifunsa njira, timayamba kukufotokozera za amene anailambula. Ndiye pepani achemwali, ndikuyankhani ndithu, koma ndidzera kutali.

Ndinabadwa mu 1997, chaka chimene anamwalira Kamuzu, m'mudzi wina kumunsi kwa mapiri a Chongoni. Sindikumbukira tsiku ngakhale limodzi limene munthu wamkulu anakhala pansi n'kumadandaula kuti ana awa tiwasangalatse bwanji. Vuto la makolo athu linali lotiitana kuti tibwere kunyumba kukada, osati lotipezera kopita. Atsikana anali ndi phada ndi fulaye. Ife tinali ndi mpira wachikulunga womanga ndi mphira, ndi magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Ndili ku koleji ndinadabwa kumva kuti mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990, lonena za mnyamata wa ku Malawi wosakasaka mawaya, ndipo ana akunja amaliwerenga m'sukulu zawo. Ife tinkangoti ndi zidole za osauka. Mvula ikagwa, dongo la kudambo linkasanduka ng'ombe ndi ngolo. Nthawi ya masuku tinkabwera kunyumba mimba zili tantha, nsima osaifunanso.

Ndisakokomeze. Tinkatunganso madzi, kudyetsa mbuzi, kupalira, ndipo anzanga ena anasiyira sukulu panjira n'kupita kukagwira ganyu m'minda ya kachewere. Kusewera kunkalowa m'mipata ya ntchito. Koma malo osewerera analipo, ndipo sanali a munthu.

Malo akale kwambiri a ana amene ndimawadziwa ndi mapanga a m'mapiri athu omwewa. Tinkabisalamo mvula podyetsa mbuzi, tikuona zojambula zofiira ndi zoyera pamiyala osaziwerengera. Mu 2006, ndili ku pulayimale, bungwe la UNESCO linaika dera la Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha zojambula zomwezo. Malo ojambulidwawo ndi 127. Zofiirazo, zozungulirazungulira ndi mizere, akatswiri amati anajambula ndi Akafula kapena kuti Abatwa, alenje amene Achewa anawapeza kuno. Agogo anga amawatchula kuti Amwandionerapati, ati chifukwa anali aafupi, ndipo mukakumana ankakufunsa kumene wawaonera. Ukati pafupi pomwepa, waputa nkhondo. Ukati kutali uko, mumasiyana bwino. Zoyerazo ndi za Achewa eni ake, alimi, ndipo zina si zakale kwenikweni.

Ku Chentcherere, kufupi ndi tauni ya Dedza, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba pansi pa phanga lina mu 1972. Patapita zaka zambiri, Leslie Zubieta anakhala ndi amayi achikulire a m'deralo n'kuwafunsa za zithunzi zoyera zooneka ngati chikopa cha buluzi choyalidwa. Zimene anapeza n'zakuti zithunzizo zinali za chinamwali: anamkungwi ankaphunzitsira atsikana. Ku Namzeze kuli zojambula za zilombo za gule wamkulu, zimene ofufuza monga Benjamin Smith amazilumikiza ndi nthawi imene gule ankaponderezedwa, poyamba ndi Angoni, kenako amishoni ndi boma la atsamunda. Zambiri za kumeneko si zolemba pa intaneti, ndiye ine ndilekeza pomwepa.

Wina ati, koma aise, chinamwali si masewera. Zoona. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mudzi wa Achewa unkadziwa kumene mwana akhale pa msinkhu uliwonse. Wamng'ono kumbuyo kwa mayi wake. Akasinkhuka, mtsikana ku kuka kwa agogo, mnyamata ku mphala. Madzulo kubwalo, mwezi ukawala chitelele ndi chibisalirano, kukazizira nthano ndi zilapi pamoto wa zitsononkho. Akatha msinkhu, kuphiri kapena kutsimba. Sindinganene kuti zonsezo zinali zaulere, chifukwa chinamwali chinkadya nkhuku, ufa ndi mowa. Koma wolipira unali mudzi ndi mbumba, osati mwana aliyense payekha pageti.

Ndipo panali masanje. Agogo akayamba kufotokoza za masanje maso awo amasintha. Anthu akakolola, ana ankapita m'minda kukakunkha zotsala, chimanga, nyemba, mtedza, maungu amene anaiwalika. Ankamanga tinyumba ta mapesi kunja kwa mudzi n'kukhazikitsa mudzi wawowawo. Panali mfumu, panali mabanja, panali ngakhale fisi wodzaba ndiwo. Atsikana ankasinja ndi kuphika zenizeni m'timiphika, ndipo nsima yoyamba kupsa bwino ankapita nayo kwa amayi awo kuti alawe. Agogo amati nsima yawo yoyamba inali yamitanda yokhayokha, koma amayi awo anadya osanena kanthu, kenako n'kuwasonyeza kagwiridwe ka mthiko. Taganizani, masewera amene zipangizo zake ndi zinyalala za m'munda, mphunzitsi wake ndi mwana mnzako, ndipo pomaliza mtsikana wadziwa kuphika, mnyamata wadziwa kuzika nsichi ndi kuweruza mlandu. Ine ndinawapeza masanje akutha. Tinachitako kawiri kapena katatu basi.

Amishoni atafika anabweretsa belu. A Dutch Reformed ochokera ku South Africa anakhazikika ku Nkhoma mu 1896, ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902. Sukulu zawo zinabwera ndi bwalo lamtundu wina, loyezedwa ndi chingwe, la magolo mbali ziwiri, ndipo kusewera kunapatsidwa nthawi yake pakati pa masamu ndi katekisimu. Magule a usiku anakhala tchimo. Mwana wa mkhristu wopezeka akuonerera gule wamkulu ankaika makolo ake m'mavuto ku mpingo. Boma nalo linadzatsegula sekondale ya Dedza mu 1951, ndipo mpira wamiyendo unakhazikika mpaka lero. Chondiseketsa n'chakuti ku Mua komweko, mu 1976, wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, malo osunga chikhalidwe. Nyumba yake ya Chamare ili ndi zigoba za gule mazanamazana. Ndi malo abwino zedi, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kutsika nawo msewu wokhotakhota wa ku Golomoti kukaona. Koma mfundo ndi yakuti lero mdzukulu amalipira pakhomo kuti aone zimene agogo ake anadulidwa nazo mumpingo ataziona ulere.

Nthawi ya Kamuzu boma linalowerera pa chisangalalo cha ana. Amayi anga anakula nthawi imeneyo. Amakumbukira sabata la achinyamata, pamene ana asukulu ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kumangira nyumba okalamba, kenako n'kutsekera ndi perete ndi magule. Amakumbukira 6 Julaye ndi 14 Meyi, masewera olimbitsa thupi a apayoniya, amayi a mbumba atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi. Wailesi yakanema kunalibe m'dziko muno, ndiye galimoto ya boma ikabwera ndi kanema, wa zaulimi kapena wa maulendo a Kamuzu, n'kupachika chinsalu pabwalo la sukulu, midzi yonse inkakhamukira kumeneko ndi mphasa. Palibe ankalipira. Koma nditawafunsa ngati ankasangalala, anati: "Tinkasangalala, mwanawe. Kungoti ukapanda kupita unkayankha mlandu." Khadi la chipani linkafunsidwa pamsika ndi pokwera basi. Ulere wa nthawi imeneyo unali ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo ankawerenga amene wabwera.

Tsopano tifike ku Lilongwe, makilomita 85 kuchokera pano.

Kamuzu atafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Britain inakana kupereka ndalama. Anakazipeza ku South Africa ya tsankho, ndipo akatswiri ojambula mapulani a mzindawo anachokeranso komweko. Bungwe lomanga likulu, Capital City Development Corporation, linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Mapulaniwo anatsata maganizo a mzinda wa mitengo ndi minda, amene Mngelezi Ebenezer Howard anawafalitsa kuyambira mu 1898 ataona kuthithikana ndi utsi wa ku London. N'chifukwa chake Lilongwe ili momwe ililimu: Area iyi apa, tchire pakati, Area ina uko. Pakati pa Old Town ndi City Centre anasiya nkhalango yonse m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, Nature Sanctuary. Papepala, unali mzinda woti mwana akulemo akuona mitengo.

Koma mzinda wotalikirana chonchi umakomera munthu wa galimoto. Mabwana anapatsidwa mapuloti aakulu kufupi ndi Capital Hill, ku Area 10 ndi Area 43, kumene mwana ali ndi kapinga kuseri kwa nyumba. Anthu wamba anaikidwa kutali, ku Area 25 ndi madera ena otero, ndipo osowa malo anadzipezera okha ku Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma. Pa kalembera wa 1977 mzindawu unali ndi anthu osakwana 100,000. Pa kalembera wa 2018 anali pafupifupi 990,000. Anthu achuluka kakhumi, ndipo ambiri mwa owonjezekawo athithikana m'madera omwe anali opanikizika kale. Ndiye mitengo ilipo ndithu mu Lilongwe, kapinga alipo, koma ali kumene kulibe ana ambiri. Kuti achemwali anga afike pa malo aulere ayenera kulipira minibasi anthu atatu, kupita ndi kubwerera. Ulere umenewo ndi wokwera mtengo kuposa ndiwo za tsiku limenelo.

Zaka za matipate zinabwera ndi zake. Maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994 anakweza chiwerengero cha ana asukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, ndipo mitengo yamthunzi ya pasukulu inasanduka makalasi. Nyumba zoonetsa vidiyo zinamera m'misika, mafilimu a karate ndi a ku Nigeria, mwana kulipira kandalama kachitsulo n'kukhala mumdima tsiku lonse. TVM inayamba mu 1999. Kenako mashopu akuluakulu, ayisikilimu, jumping castle pa phwando la tsiku lobadwa. Pang'onopang'ono mawu oti "kupita nawo koyenda ana" anayamba kutanthauza kupita nawo kogula. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo gawo 31 la panganolo limanena za ufulu wopuma ndi kusewera. Sindinamvepo phungu akulitchula pa msonkhano wa kampeni.

Ngati mukuganiza kuti iyi ndi nkhani yopepuka, kumbukirani 6 Julaye 2017. Bwalo la Bingu linali litangotsegulidwa kumayambiriro kwa chaka chomwecho, lomangidwa ndi ngongole ya ku China, lokwana anthu oposa 40,000. Pa chikondwerero cha zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu anauzidwa kuti alowa ulere kudzaonerera mpira wa Bullets ndi Silver Strikers. Anafika m'mamawa, ana ambirimbiri ochokera m'madera ozungulira. Mageti anachedwa kutsegulidwa. Atatsegulidwa anthu anakankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu asanu ndi atatu anafa atapondedwa. Asanu ndi awiri mwa iwo anali ana. Mpirawo unaseweredwabe. Ndinali chaka chachiwiri ku koleji, ndipo ndikukumbuka anzanga ena pa Facebook akudzudzula makolo kuti analola bwanji ana kupita okha. Ine ndinkaganiza zina. Mwana wa ku Mtandire amaliona bwalolo tsiku lililonse ali panjira. Tsiku limodzi lokha pachaka amuuza kuti geti ndi lakenso. Mumayembekezera kuti akhala pakhomo?

Basi, mbiri ikwane. Achemwali anafunsa kopita, ndipo Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kukawathandiza kuyankha.

Tinaphika mbatata, kusungunula Sobo m'botolo lalikulu, n'kunyamuka m'mamawa. Ndalama yokha imene tinaika padera inali ya minibasi. Tinatsikira ku City Centre n'kuyamba ndi chiliza cha Kamuzu, chimene chinamalizidwa mu 2006. Wamkulu, wa zaka khumi, ankamudziwa Kamuzu pa ndalama ya pepala basi, ndipo anafunsa ngati alidi pansi pomwepo. Pafupi pake pali nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, tinaiona tili kunja kwa mpanda. Tinalowanso ku laibulale ya National Library Service, kumene kuli mbali ya mabuku a ana. Ndinawauza za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi atabwereka buku mu kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale. Sanaoneke okhudzidwa kwenikweni, kunena zoona. Njala inali itayamba. Ku Wildlife Centre, mkati mwa nkhalango ya Lingadzi ija, amalipiritsa pakhomo, ndiye tinagwirizana kuti kumeneko tidzapita mwezi ukatha bwino.

Mbatata tinakadyera ku Botanic Garden. Kumeneko ndi kumene tsiku linapsa. Panalibe katungwe, panalibe wogulitsa zidole, kapinga ndi mitengo basi. Anawo anavula nsapato n'kuyamba kuthamanga popanda kolowera, kugubuduzika, kuthamangitsa ziwala. Patapita nthawi wamng'ono, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anabwera akupuma wefuwefu n'kundinong'oneza: "Ankolo, pano ndi pa ndani?"

Ndinati mpa tonse.

Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza. "Satithamangitsa?"

Ndinamvetsa chifukwa chake anafunsa. Miyezi ingapo m'mbuyomo tinalowa nawo m'shopu ina yaikulu kungoti aone, ndipo mlonda anatilondola shelefu ndi shelefu mpaka tinatuluka tokha ndi manyazi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi waphunzira kale kuti malo aliwonse okongola ali ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo samufuna. Phunziro limenelo palibe anamuphunzitsa m'kalasi. Ine pa msinkhu wake ndinkakhulupirira kuti phiri lonse la Chongoni ndi la agogo anga.

Sabata yotsatira ndinawatenga kubwera nawo kuno. Ndisakunamizeni kuti kumudzi zinthu zili monga kale. Dambo limene tinkaumbirako ng'ombe pano ndi madimba a kabichi ndi tomato mpaka m'mphepete mwa madzi. Bwalo linachepa, wina anamangapo golosale. Mitengo ya masuku yambiri inapita m'matumba a makala, ndipo makalawo amapita ku Lilongwe komweko kukaphikira nsima ana omwewa. Achinyamata madzulo amaunjikana pa foni imodzi kuonera mpira wa ku England. Boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000 pa kalembera wa 2018, ndipo malo sakukula. Funso la achemwali lija likubwera kuno, likungochedwa panjira.

Komabe phiri lilipo. Tinapita ku Chentcherere m'mamawa chifunga chisanachoke, ndi bambo wina wa m'deralo amene amaperekeza alendo, tinamupatsa kangachepe. Pamwala, pambali pa zithunzi zoyera, anthu ena analembapo mayina awo ndi makala. Bamboyo anapukusa mutu osalankhula. Wamkulu anafuna kukhudza chithunzi ndi chala, ndinamugwira dzanja. Anafunsa kuti anajambula ndani, ndinati agogo a agogo ako aakazi, kapena anzawo. Anafunsa kuti penti anagula kuti. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza kuti ndi dothi loyera la kumtsinje.

Pobwera tinapeza agogo akuwotha dzuwa pakhonde. Atamva wamng'ono akundiitana kuti ankolo anamukodola. "Amenewa ndi atsibweni ako, wamva? Ankolo ndi a ku tauni." Kenako anatuma mwana wa pakhomo loyandikana kukatenga zitsononkho ndi chikho chosweka, n'kuyamba kuwasemera nsikwa ndi kampeni kawo kosendera mbatata. Anawakhazika moyang'anizana, zitsononkho zitaimikidwa kutsogolo kwa aliyense, n'kuwasonyeza kapotedwe kake ndi zala. Nsikwa ya wamng'ono inkangogwa chagada. Agogo anati ayambirenso.

Madzulo achemwali anaimba kufunsa kuti ndiwabweza liti, poti sukulu ili pafupi ndipo yunifolomu sanayese. Ndinapereka foni kwa wamkulu kuti alankhule ndi amayi ake. Anangoti "Tili bwino, amama," n'kundibwezera msangamsanga. Anali ndi waya m'manja, wochotsa pa mpanda wakale wa khola la nkhumba, ndipo mnyamata wina wa m'mudzimo ankamudikira kuti amusonyeze kapindidwe ka mateyala.